Amai athamanga makilomita 10 Loweruka, ndiwajambula bwanji pa chikhamu chija?

Wa ku Kabwata: Mwauka bwanji nonse m'gulu muno. Ndabwera ndi pempho kwa inu odziwa kujambula. Loweruka likubwerali amai anga adzathamanga makilomita 10 pa mpikisano wa mumsewu uja wa kuno ku Lusaka, ndipo aka n'koyamba. Anayamba kuyenda m'mawa uliwonse adokotala atawauza za BP, kuyendako kunasanduka kuthamanga, lero alembetsa mpikisano. Achimwene ali pa makilomita 21, mwana wa achemwali ali pa 5. Ine ndiye andisankha kukhala wojambula wa banja. Ndili ndi foni ya Samsung, komanso alamu andibwereka kamera ya Canon ya malenzi awiri, 18-55 ndi 55-250. Chondidetsa nkhawa ndi khamu. Anthu adzakhala ambirimbiri, onse atavala malaya amtundu umodzi amene okonza amagawa. Ndikaime pati? Ndiwazindikire bwanji? Cha amai ndicho ndikuchifuna ndi mtima wonse, tichikhome pakhoma.

Mthamangi wa ku Matero: Achemwali, amai muwapatse moni, achita chinthu chachikulu. Ine mipikisano yotereyi ndimathamanga, ndiye ndikuuzeni zimene ndimaona ndili mkati mwa msewu. Pa mzere womalizira musakaimepo. Pamakhala zotchinga zachitsulo, atolankhani, ojambula a okonza mpikisano, ndi achibale a anthu onse aja atakweza mafoni m'mwamba. Mudzajambula mikono ya anzanu basi. Poyambira napo kumakhala kusanayere bwino, ndipo timakhala titapanikizana mwakuti munthu wamfupi saoneka n'komwe. Funani pakati pa njira. Pofika pa chikwangwani cha kilomita 6 kapena 7 gulu limakhala litamwazikana, aliwiro apita kalekale, otsala akubwera atatu atatu, asanu asanu. Pamenepo munthu wanu mumamuona akadali patali.

Aphunzitsi a ku Libala: Tiyambe ndi wotchi. Amai amatenga nthawi yaitali bwanji kumaliza makilomita 10 akamayeserera? Nanga achimwene?

Wa ku Kabwata: Amai akuti ola limodzi ndi mphindi 25. Achimwene akuti mphindi 6 pa kilomita.

Aphunzitsi a ku Libala: Ndiye kuti amai amatha mphindi 8 ndi theka pa kilomita iliyonse. Pa kilomita 4 adzafika patatha mphindi 34, pa 6 patatha 51, pa 7 ola litangotsala pang'ono kukwana. Muonjezepo mphindi zingapo, chifukwa amene aima kumbuyo sadutsa mzere woyambira nthawi yomwe mluzu walira, amayamba ayenda kaye mpaka kutsogolo kutseguke. Komanso tsiku la mpikisano munthu amayamba mwaliwiro kuposa masiku onse chifukwa cha chimwemwe, choncho khalani muli chire mphindi 10 isanakwane nthawi imene tawerengayi. Achimwene adzamaliza makilomita 21.1 m'maola awiri ndi mphindi ngati 7. Onaninso pa pepala la okonza, mitunda imeneyi nthawi zambiri siyambira pamodzi. Langizo langa, anthu atatu pa mitunda itatu simungawakwanitse nokha misewu itatsekedwa. Sankhani amai. Enawo mudzawajambula atavala mamendulo.

Wojambula wa ku Chilenje: Ine ndimajambula maukwati ndi makitchen party, koma zothamanga ndazigwirapo. Mlongo wanga, mapu akuti njira ya makilomita 10 ikudutsa kuti?

Wa ku Kabwata: Ikutsata Great East Road kulowera ku yunivesite ya UNZA, akatembenuka pa kilomita 5 n'kubwerera msewu womwewo.

Wojambula wa ku Chilenje: Ndiye mwayi wanu ndi umenewo. Ngati atembenukira pa 5, malo a kilomita 4 popita ndi omwewo a kilomita 6 pobwera. Mukaima pamenepo amai adzakudutsani kawiri, ndipo pakati pake muli ndi mphindi ngati 17 zoona zimene zatuluka ndi kukonza cholakwika.

Tsopano dzuwa. Masiku ano likutuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo Great East Road imaloza kum'mawa. Popita dzuwa lidzakhala kumaso kwao, inu lili kumsana kwanu, nkhope idzawala bwino. Pobwera zidzatembenuka, inu ndi amene mudzayang'anizana nalo, ndipo kamera ikasiyidwa yokha imachititsa mdima munthuyo n'kukongoletsa thambo. Pamenepo musaime maso ndi maso ndi dzuwa, pendekerani pambali pang'ono, ndipo kwezani kuwala kwa chithunzi pa kamera kufike pa +1. Pansi pa mijakaranda musaimepo ngakhale maluwa ake akongole bwanji nyengo ino. Mthunzi wake ndi wamawangamawanga, nkhope imatuluka kwina kowala kwina kwakuda.

Pa Canon yanuyo mangani lenzi ya 55-250, ija yokokera zakutali. Tembenuzani gudumu la pamwamba liime pa Tv, pamene mumasankhira liwiro la shata (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera), ikani 1/1000 ya sekondi, ISO (mphamvu imene kamera imamvera kuwala) ikhale pa Auto. Kukakhala kusanawale kwenikweni tsikirani pa 1/500, koma osapitirira pamenepo. Fokasi ikhale pa AI Servo, ndiyo imatsatira munthu akamabwera. Mukaisiya pa One Shot imagwira pamene munthu anali, pomwe mukudina iye wasuntha kale. Sankhani kadontho kamodzi ka pakati, chifukwa mukaipatsa ufulu kamera imasankha amene ali pafupi, amene nthawi zonse amakhala mlendo. Kadonthoko kalozeni pa nambala ya pachifuwa, zilembo zakuda pa pepala loyera kamera imazigwira msanga kuposa nkhope ya thukuta. Pomaliza ikani kuti ukadina osachotsa chala izijambula motsatizana.

Aphunzitsi a ku Libala: Ndionjezepo chifukwa cha 1/1000 imeneyo. Pa liwiro lao amai amasuntha pafupifupi mamita 2 pa sekondi. Shata ikatseguka kwa 1/60 ya sekondi amakhala atasuntha masentimita opitirira 3, ndiwo mbuu uja timauona pa zithunzi. Pa 1/1000 ndi mamilimita 2 okha. Manja ndi mapazi zimayenda msanga kuposa thupi, n'chifukwa chake zimayamba ndizo kufufutika.

Mtsikana wa pa UNZA: Aunt, ngati kamerayo simunaizolowere foni nayo imagwira ntchito. Pa Samsung mukakokera batani lojambulira pansi n'kuligwira, imajambula zambiri motsatizana. Pa iPhone mumalikokera kumanzere. Musakulitse ndi zala, zimaphwanya chithunzi, dikirani afike pafupi. Pukutani galasi kaye, foni yochoka m'thumba imakhala ndi mafuta. Ndipo bwanji osakwera pa buliji ya oyenda pansi, ya pa Manda Hill kapena ya pano pa UNZA? Pamwamba paja mumaona msewu wonse.

Wojambula wa ku Chilenje: Buliji ndi yabwino pa chithunzi chimodzi chokha, cha khamu lonse litadzaza msewu. Koma nkhope simuiona, mumajambula zisoti ndi pamutu. Wothamanga amakongola ukamujambulira pansi. Taonani m'mabwalo akuluakulu, monga pamene Muzala Samukonga anatenga mendulo ya bronze pa mamita 400 ku Paris mu 2024, ojambula ambiri amakhala pansi m'mphepete mwa njira. Inunso gwadani bondo limodzi m'mbali mwa msewu. Munthu amaoneka wamtali ndi wamphamvu, ndipo kumbuyo kwake kumakhala thambo ndi mitengo m'malo mwa mitu ya anthu ena.

Za foni ndikuvomereza, koma musagwire ziwiri nthawi imodzi. Masana ano tulukani ndi kamerayo, uzani ana a pa line panu azithamanga kubwera kwa inu, mujambule mpaka chala chizolowere. Ikakukanani pofika Lachisanu, itsekereni m'chikwama mutenge foni.

Mtsikana wa pa UNZA: Njira ina ndi kujambula vidiyo ya 4K n'kudulamo chithunzi pambuyo pake. Chimodzi chimakhala ndi mamegapikiseli pafupifupi 8.

Wojambula wa ku Chilenje: Zimatheka dzuwa likakwera. M'mamawa foni imachedwetsa shata pa vidiyo, ukaimitsa umapeza miyendo yafufutika. Ya pa status ndi yabwino, ya pakhoma ayi.

Ambuya a ku Chelstone: Ana inu ndawerenga zonse, koma pali chimene simunakambe. Mwanawe, amai ako adzakhala atatopa, mawondo akuwawa, akuyang'ana m'mbali mwa msewu kufuna nkhope ya mwana wao. Ndiye akapeze mwanayo wabisa nkhope kuseri kwa chikamera, ali zii? Ine mdzukulu wanga atathamanga chaka chatha ndinaima pa Arcades ndi chitenje m'manja, ndinaimba nthungululu mpaka mau anatha. Anandiuza kuti pamenepo anali atatsala pang'ono kuima, atandimva anapezanso mphamvu. Chithunzi palibe, koma mpaka lero amakamba zimenezo. Zithunzi okonza amajambula okha. Iwe pita ukawachemerere amai ako.

Mthamangi wa ku Matero: Ambuya akamba zoona. Ukamva dzina lako pakati pa phokoso lonse lija miyendo imapepuka. Koma za zithunzi za okonza musadalire kwambiri ambuya. Amazisanja potsata nambala ya pachifuwa, ndiye nambala ikabisika ndi dzanja kapena ndi munthu wa kutsogolo, chithunzi chako sungachipeze. Ndipo ojambula awo amalimbikira a kutsogolo, pofika amai athu a kumbuyo ena amakhala atasamukira ku mzere womalizira.

Wa ku Kabwata: Ambuya mwandikhudza. Koma amai eni ake ndi amene apempha chithunzichi. Akuti akufuna akawaonetse anzao a ku chigwirizano amene ankawanena kuti munthu wamkulu sathamanga pa msewu. Ndikapanda kuwajambula ndiye ndawalakwira, ndikakhala chete ndawalakwiranso.

Ambuya a ku Chelstone: Nanga pa banja panu uli wekha?

Wojambula wa ku Chilenje: Ambuya agunda pomwepo. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, ngakhale kwa ife amene timadyerapo. Diso likakhala mu kamera umaona kachigawo kakang'ono ka msewu, munthu wako amatha kudutsa pambali osamuona. Pezani wachiwiri wa mau akulu. Aime pafupi nanu, kumbuyo kwa phewa lanu, maso ake ali kutali kumene othamanga akuchokera. Akawaona akuuzeni kuti awo akubwera, ali kumanzere, kumbuyo kwa wa chisoti chofiira. Kenaka ayambe kukuwa ndi kuimba nthungululu. Amai adzatembenukira kumene kukuchoka mau, ndiko kuli lenzi yanu, ndipo adzaseka. Wothamanga amene sanaitanidwe amakhala atayang'ana pansi, kukamwa kuli yasa. Musamuike wokuwayo tsidya lina la msewu, mudzajambula nkhongo. Ndipo mukangodina zokwanira tsitsani kamera, nanunso mukuwe.

Wa ku Kabwata: Azakhali ndi amene ali ndi mau, akaimba nthungululu pa ukwati onse amatembenuka. Ndawaimbira, avomera.

Amake mapasa: Za kuwazindikira, musadalire malaya. Apatseni duku lowala, lachikasu kapena lalalanje, mutu ndi umene umaoneka poyamba pa khamu. Amuna anga ndimawaveka chisoti cha mtundu wolusa, patali ndimadziwa kuti awo. Ndipo pangananitu usiku wake kuti muli mbali iti ya msewu, kumanzere kwao kapena kumanja, ndi chizindikiro chapafupi, monga pa filling station yakuti kapena chikwangwani chakuti. Akamayandikira azisendera mbali yanu. Akakhala pakati pa msewu nthawi zonse pamakhala wina wowatchinga. Inunso mangani chitenje chodziwika pa ndodo kuti akuoneni msanga.

Mtsikana wa pa UNZA: Atha kuyatsanso live location pa WhatsApp, asankhe ya maola 8 chifukwa ya ola limodzi idzatha asanamalize. Muziona kadontho kakuyenda pa mapu.

Mthamangi wa ku Matero: Imathandiza, koma pa khamu netiweki imalemera, kadontho kamatha kuima malo amodzi munthu atadutsa kale. Khulupirirani masamu a aphunzitsi ndi maso a azakhali. Ndipo amai asavale za m'makutu, sadzamva kuitana.

Ndipemphe chinthu chimodzi kwa onse odzajambula, chifukwa chimandiwawa. Musalowe mu msewu. Ndinaonapo mnyamata atadumphira pakati kuti ajambule mkazi wake, anagwada pomwepo, bambo wina wachikulire amene anali kumbuyo anamupunthwa n'kugwa chafufumimba pa tara. Zikhatho zonse zinasupuka, bondo likuchucha magazi, mpikisano wake unathera pomwepo. Munthu amene wathamanga makilomita 15 sangathe kukhota mwadzidzidzi, miyendo simumveranso. Mapazi anu akhale kunja kwa mzere, ndipo oyang'anira njira akakuuzani kuti sunthani, sunthani. Pa malo omwera madzi napo patalikireni, pamakhala chipwirikiti, pansi pali makapu ndi timapepala toterera.

Mkamwini wa ku Kaunda Square: Pepani ndilowetse langa pomwepa. Ine apongozi anga aakazi nawo athamanga makilomita 5, ndipo akazi anga ali pa ntchito tsiku limenelo, akuti ndikawajambule ndine. Kwathu ku Katete mkamwini sayang'anitsitsa apongozi, ndiye lero ndikagwade pa msewu ndi kamera iwo atavala zothamangira? Zikundivuta.

Ambuya a ku Chelstone: Wachita bwino kufunsa mwanawe, unaleredwa. Usapite wekha. Tenga mlamu wako wamng'ono kapena mdzukulu wao, foni agwire iyeyo, iwe unyamule madzi ndi chitenje choti adzafunde akamaliza. Ukatero wathandiza ndipo ulemu uli pomwepo.

Mtsikana wa pa UNZA: Koma ambuya, ngati apongoziwo avomera okha vuto lili pati? Kuno ndi ku Lusaka, pa msewu paja adzaonedwa ndi anthu onse.

Ambuya a ku Chelstone: Anthu onsewo sanakwatire mwana wao.

Mkamwini wa ku Kaunda Square: Ndidzatenga mlamu wanga wa Grade 11, foni amaidziwa kuposa ine. Zikomo ambuya.

Amake mapasa: Pa nkhani ya ulemu yomweyi, chithunzi chisapite pa Facebook kapena pa gulu la banja mwini wake asanachione. Pa zojambula motsatizana zambiri zimatuluka zoipa, nkhope yakwinyika, thupi lagwedezeka phazi litangoponda pansi. Mzimai wamkulu ukamuika choncho pa gulu, chaka chamawa sadzathamanganso. Sankhani zimene thupi lili m'mwamba, muwaonetse, asankhe okha. Zotsalazo fufutani. Ndipo ana a eni amene alowa m'chithunzi muziwadula musanatumize.

Woyang'anira gulu: Ndikumbutse zingapo. Misewu imatsekedwa m'mamawa ndipo maminibasi amazungulira kwina, choncho nyamukani kukadali mdima, mukhale okonzeka kumaliza ulendo wapansi. Batire ya kamera ndi foni tchajani Lachisanu magetsi akangobwera, musadikire usiku. Memory card ikhale yopanda kanthu. Lamba wa kamera akhale m'khosi, chikwama kutsogolo, pa khamu pamalowa ndi a zala zazitali. Amene mukatsatire a makilomita 21, ngati njira ikudutsa Independence Avenue, pafupi ndi State House ndi pa malo a asilikali musatulutse kamera. Pa Freedom Statue ndi pamene mungapeze kumbuyo kokongola. Ndipo amene anandifunsa ku inbox za drone, imeneyo imafuna chilolezo cha a Civil Aviation Authority, musangoiulutsa pamwamba pa anthu.

Wa ku Kabwata: Zikomo nonse. Duku lachikasu lapezeka, tapangana kuti ndidzakhala kumanzere kwao popita. Ana a pa line ndawathamangitsa madzulo ano, AI Servo ija ndaimvetsa tsopano.

Wa ku Kabwata: Mwaswera bwanji. Ndabwera ndi lipoti. Amai amaliza, ola limodzi ndi mphindi 22, mendulo ili m'khosi mpaka pano sakuvula. Aphunzitsi, masamu anu anagwira, anafika msanga pang'ono monga munanenera. Popita gulu linali likadali lothinana, duku tinaliona koma kutsogolo kwao kunali anyamata a kampani ina atatu akuthamanga mogundana mapewa, amai anangooneka dzanja. Pobwera msewu unali utapepuka. Tinaoloka pamene oyang'anira anatiloleza, ndinakweza pa +1, ndinagwada. Azakhali anawaona ali kutali, anayamba nthungululu mwakuti ngakhale apolisi anatembenuka. Amai anakweza manja onse awiri, duku litapendekera kumbali, thukuta likuyenderera m'khosi, akuseka mano onse panja. Pa zimene ndinadina pali chimodzi mapazi onse awiri ali m'mwamba, nambala ikuwerengeka bwinobwino. Ambuya, nditangotsitsa kamera ndinathamanga nawo m'mbali kunja kwa mzere ndikukuwa kuti amai limbani. Achimwene ndi mwana wa achemwali ndawajambula pa mapeto atatu onse pamodzi. Amai asankha okha chimene chipite ku chigwirizano.

Ambuya a ku Chelstone: Eyaa, mwachita bwino ana anga. Uwauze amai ako aviike mapazi m'madzi ofunda a mchere.

Mthamangi wa ku Matero: Mphindi zitatu pansi pa nthawi yao ya masiku onse, pa mpikisano woyamba! Mawa masitepe adzawavuta kutsika, zisawaopse, zimatha pakapita masiku awiri kapena atatu. Aziyenda pang'onopang'ono, asangogona.

Mkamwini wa ku Kaunda Square: Kwathunso zayenda. Mlamu wajambula, ine ndinali ndi chitenje pa mapeto.

Wa ku Kabwata: Funso lomaliza kwa a ku Chilenje. Ndikufuna kuchitsukitsa chachikulu. Ndiwatumizire a studio pa WhatsApp? Komanso kumbali kwa amai kwalowa bambo wina theka la thupi, ndimudule?

Wojambula wa ku Chilenje: Pa WhatsApp wamba ayi, imachepetsa chithunzi, pa foni chimaoneka bwino koma pa pepala lalikulu chimasweka. Tengani memory card yeniyeniyo kapena koperani pa flash. Ngati n'kutumiza, tumizani ngati document. Musanapite sungani kope lina pa kompyuta, ndipo kudula kulikonse muzichita pa kope, choyambacho chisakhudzidwe. Bamboyo mudulenidi ngati ndi theka, koma kutsogolo kumene amai akulowera musiyeko mpata, ndipo mapazi onse akhalemo ndi kamsewu pansi pake kuti zioneke kuti ali m'mwamba. Kukula kwa 8 x 12 kumagwirizana ndi mmene Canon imajambulira, pa 8 x 10 amadula m'mbali. Ngati felemu ili ndi galasi pemphani pepala la matte, losanyezimira, chifukwa la glossy, lonyezimira, limamatirira ku galasi nyengo ya mvula. Auzeni atsuke kaye kakang'ono muone ngati nkhope sinade, chifukwa munajambula moyang'ana dzuwa.